Mfumu Ili Pati Pabolodi la Retzsch?

Alaliki amaikonda nkhaniyi, ndipo pa WhatsApp sichedwa kubwereranso. Akuti katswiri wa tchesi anaima patsogolo pa chithunzi cha Satana akusewera ndi mnyamata, chimene ambiri amachitchula kuti Checkmate. Atachiyang'anitsitsa kwa nthawi, anafuula kuti wojambulayo anaphonya, masewerawo sanathe, mfumu ya mnyamatayo ikadali ndi pothawira. Apa mpingo umaomba m'manja. Ine m'mutu mumangotsala funso limodzi: katswiriyo anadziwa bwanji kuti hachi ndi uyu, bishopu ndi uyo?

Chithunzicho chilipodi. Anajambula ndi Moritz Retzsch wa ku Dresden ku Germany, amene anatchuka ndi zithunzi za sewero la Faust la Goethe, ndipo chinafala m'zaka za m'ma 1830 kudzera m'makope osindikiza. Kumanzere kwakhala Satana, nthenga yofiira ili pachipewa, ndipo pampando wake pasemedwa mkango utaponda chibade cha munthu. Kumanja kuli mnyamata, dzanja lili pamutu, maso ali pabolodi. Pakati pawo chakumbuyo kwaima mngelo wankhope yakugwa. Bolodilo silili patebulo ayi, lili pamwamba pa manda amwala.

Vuto limayamba ukasendera pafupi. Tizidutswa timene akusewera nato si tija timagulitsidwa m'sitolo, kahachi kooneka ngati hachi, kansanja kooneka ngati nsanja. Retzsch anajambula tizidole, kalikonse n'tanthauzo lake. Mbali ya Satana kuli chilakolako, kunyada, ulesi, bodza, kusakhulupirira kukuponda mtanda, ndipo asilikali ake ndi tizilombo toimira kukayika. Mbali ya mnyamata kuli chipembedzo chitanyamula mtanda, chiyembekezo, choonadi, mtendere, kudzichepetsa, ndipo asilikali ake ndi timitu ta angelo toimira mapemphero. Mfumu ndi mfumukazi munthu atha kuzilozako. Nanga kunyada kumayenda chopingasa ngati bishopu, kapena kumalumpha ngati hachi? Aliyense amene wayesa kusamutsira masewerawa pabolodi lenileni wachita kulotera, ndipo ukangosinthanitsa tizidole tiwiri, amene amaluza uja ndiye wayamba kupambana.

Katswiri wa m'nkhani ija ali ndi dzina, Paul Morphy wa ku New Orleans. Nkhaniyi inasindikizidwa mu 1888 m'magazini ya Columbia Chess Chronicle, mwiniwake atamwalira kale mu 1884. Imati Morphy anaona kope la chithunzichi kunyumba ya m'busa wina ku Richmond, Virginia, nanena kuti atha kutenga mbali ya mnyamatayo n'kupambana. Anayala bolodi, alendo ena n'kumayesa mbali ya Satana, iye n'kuwakwapula onse. Tiyerekeze kuti zinachitikadi. Ameneyu ndi munthu amene mu 1858 ku Paris anasewera ndi anthu 8 nthawi imodzi osayang'ana bolodi, amenenso ankachotsa dala hachi kapena nsanja yake masewera asanayambe n'kupambanabe. Kugonjetsa alendo amene angodya kumene mgonero kukutiuza za mutu wa Morphy, osati za penti wa Retzsch. Zimene ena amanena zoti chithunzicho chili ku nyumba yosungiramo zithunzi ya Louvre nazo n'zowonjezera za m'njira. Chithunzi chenichenicho, cha penti wamafuta, chinagulitsidwa pa okushoni ya Christie's mu 1999.

Sikuti bolodi la m'chithunzi siliwerengeka konse. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pano kudekhako ndi kuyamba wawerenga timabokosi usanathamangire kunena amene akupambana. Ku Berlin kuli kachithunzi ka Lucas van Leyden, kojambulidwa cha m'ma 1508 iye akadali kamnyamata. Mayi akusewera ndi bambo, anthu awaunjirira, wina akuoneka ngati akumupangira nzeru mayiyo. Wodziwa tchesi yalero akangoyang'ana amaona ngati mwanayo analephera kuwerenga, chifukwa bolodilo n'lalitali mbali imodzi. Werengani bwino: timabokosi 12 uku, 8 uku, tonse 96 m'malo mwa 64. Munthu wa bawo amvetsa msanga, poti naye akaona maenje osakwana 32 amadziwa kuti awa ndi masewera ena. Lucas anajambula tchesi ya mtundu wa courier, imene inkaseweredwa ku Germany kwa zaka mazana, ndipo mudzi wa Ströbeck ndiwo unakakamira nayo mpaka mochedwa. Aliyense ankayamba ndi tizidutswa 24. Mfumukazi yake inali yofooka, yoyenda kabokosi kamodzi chopingasa basi. Ndiye wobwera ndi malamulo alero aona ngozi pamene palibe, n'kudumpha pamene pali msampha weniweni. Lucas anajambula masewera amene anawaona ndi maso, n'chifukwa chake bolodi lake limayankha ukalifunsa m'chinenero chake.

Retzsch sankajambula masewera amene anawaona. Bolodi lake limawerengeka, koma osati ndi malamulo a tchesi. Umawerenga zimene zadyedwa: mbali ya Satana kwaunjikana zabwino za mnyamata uja, pomwe mnyamatayo wadyako zochepa zokha. Umawerenganso maso. Mnyamatayo ndiye akuganiza, kusonyeza kuti ulendo woyenda ndi wake, ndipo palibe paliponse pamene pakuoneka kuti masewera atha. Dzina lakuti Checkmate linachita kumatidwa pambuyo, dzina lenileni la chithunzichi ndi Die Schachspieler, kutanthauza osewera tchesi. Choncho katswiri wa mu ulaliki uja akutsutsa zimene wojambulayo sananene n'komwe.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti Satana sakuyang'ana bolodi. Akuyang'ana mnyamatayo, monga amachitira wosewera amene wawerenga kale zonse n'kumangodikira kuti mnzake aone yekha. Mngelo naye sakuloza kabokosi kalikonse, sakunong'oneza. Ndipo m'mphepete mwa manda aja, pansi pa bolodi, pamene palibe mwa atatuwo akuyang'anapo, kangaude akukwawa chokwera.