Za Liwu Loti "Malamulo" pa Nkhani za Mafoni a M'manja

Nyumba ya Malamulo ya Malawi idakhazikitsa lamulo loyendetsera ntchito zofalitsa mauthenga m'chaka cha 1998, ndipo lamulolo ndilo lidabala bungwe la MACRA. M'chaka cha 2016 aphungu adavomereza lamulo latsopano lolowa m'malo mwa lakalelo. Komabe Chichewa chofotokozera nkhanizi m'nyuzipepala ndi pawayilesi sichinakhazikike mpaka lero.

Vuto lalikulu lili pa liwu loti "malamulo", limene olemba ambiri amalisenzetsa zinthu zitatu zosiyana. Choyamba ndi lamulo lenileni, lovomerezedwa ndi aphungu ndi kusainidwa ndi mtsogoleri wa dziko. Chachiwiri ndi malamulo aang'ono otuluka m'lamulo lalikulu lija, ofotokoza kachitidwe ka zinthu mwatsatanetsatane. Chachitatu ndi mfundo za boma, zimene zimangosonyeza kumene boma likufuna kulowera, ndipo pazokha sizimapereka chilango.

Kusiyanaku sikwamaphunziro chabe. M'chaka cha 2018 eni mafoni adalamulidwa kulembetsa manambala awo posonyeza chiphaso, ndipo manambala osalembetsedwa adatsekedwa. Limenelo lidali lamulo, ndipo wozengereza adaona zotsatira zake. Koma munthu amene wazolowera kumva liwu lomwelo pa zolinga za boma, monga zofikitsa netiweki kumidzi, sangadziwe chimene chikumukakamiza ndi chimene changolonjezedwa.

Liwu loti "chiphaso" nalo lalemedwa. Limatchula chitupa cha unzika, limatchulanso chikalata chimene MACRA imapereka ku kampani monga TNM kapena Airtel kuti igwire ntchito. Apa liwu loti "layisensi", lomwe oyendetsa galimoto adalizolowera kale, lingathandize kusiyanitsa ziwirizi.

Oyenera kuyamikidwa ndi anthu wamba amene adapeza mawu monga "foni ya m'manja", "nsanja" ndi "mayunitsi". Mawuwa adafala popanda wowalamula chifukwa lililonse limaloza chinthu chimodzi. Otanthauzira atengerepo phunziro.

Tsono nkoyenera kuti "lamulo" lisungidwire chovomerezedwa ndi aphungu, "malamulo aang'ono" akhale otuluka m'lamulolo, ndipo "mfundo za boma" zikhale zolinga. Akonzi a nkhani ndi akatswiri a chiyankhulo agwirizane pa mawuwa ndi kuwagwiritsa ntchito mosasinthasintha, kuti mwini foni adziwe chimene ayenera kumvera ndi chimene ayenera kufunsa kwa boma.