Marodi Angati pa Ngolo Imodzi?

"Amisiri, nanga marodi ndigule angati?" Funso limeneli limamveka kawirikawiri m'mashedi a owotcherera zitsulo pa Mitundu ndi pa Nathenje, makamaka zokolola zikalowa m'nyumba, alimi atagulitsa soya, mtedza ndi fodya. Wina akufuna ngolo, wina mafelemu a zitseko ndi mawindo a nyumba imene wangootchera njerwa zake, wina geti. Ambiri amakonda kukagula okha zipangizo kuhadiweya, mmisiri n'kungomulipira za manja. Choncho yankho liyenera kukhala nambala, ndipo nambalayo ikaphonya pamabuka mlandu. Marodi akaperewera, mwini ntchito amaganiza kuti ena alowa m'thumba. Akatsala ambiri, amati amudyera ndalama.

Mmisiri wodziwa ntchito sayankha msanga. Amayamba wazungulira zitsulo zimene zagonekedwa pansi, choko chili kukhutu, chala chikugunda paliponse pamene chitsulo chidzakumane ndi chinzake, milomo ikugwedera. Sakuyeza kukula kwa chinthucho ayi, akuwerenga mfundo. Geti lalikulu la mapaipi ochepa likhoza kudya marodi ochepa kuposa windo laling'ono lodzaza mabagalabaa, pakuti m'windomo paliponse pamene tizitsulo tapingasana pafunika moto. Akatha kuwerenga amatambasula dzanja, chala chachikulu uku chapakati uko, n'kumayeza kutalika kwa msoko uliwonse. M'mutu mwake muli muyezo umene sanaulembe paliponse: rodi imodzi ya mamilimita 2.5 imayenda pang'ono kupitirira dzanja limodzi lotambasula, ngati msoko uli wopyapyala.

Chimene chimandigometsa n'chakuti muyezo wa dzanjawo umagwirizana ndi masamu a m'mabuku a mainjiniya. Zitsulo ziwiri zikakumana pakona, chitsulo chosungunuka chimadzaza kampata ka makona atatu. Ngati msokowo wakwera mamilimita 3 mbali iliyonse, mita imodzi imafuna chitsulo cholemera pafupifupi magalamu 35, ndipo ndi kalinunda kamene kamatsala pamwamba tinene kuti 40. Rodi ya 2.5 yotalika mamilimita 350 imasiya pamsoko magalamu 10 kapena 11. Ndiye kuti pa mita imodzi pamalowa marodi anayi, iliyonse kuyenda masentimita 25 kapena kuposerapo pang'ono. Ndi dzanja lija limeneli. Mmisiri wa pa Nathenje anafika pa nambala yomweyo kudzera m'mapaketi ambirimbiri amene anatha m'manja mwake.

Pali chinthu china chimene ophunzira ntchito amachedwa kuchimvetsa. Ukakulitsa msoko kuchoka pa mamilimita 3 kufika pa 6, chitsulo chofunika sichiwirikiza kawiri, chimawirikiza kanayi, chifukwa msokowo wakula m'mwamba ndi m'mbali momwe. Mita imodzi tsopano ikufuna magalamu oposa 140. Ngakhale utenge rodi yonenepa ya 3.2, pamita yomweyo palowa marodi 8 kapena 9. N'chifukwa chake mmisiri wamkulu amakalipa akaona mnyamata akuunjika chitsulo pamfundo ya felemu la windo poganiza kuti akulimbitsa. Paipi yopyapyala sipindula kanthu ndi msoko wonenepa; imangotentha, kupindika, mwinanso kubooka, marodi atapita pachabe.

Komanso si rodi yonse imene imasanduka msoko. Kansonga kogwidwa ndi chopanira, kotalika ngati masentimita 5, kamatsala. Chikutiro chotuwa cha kunja kwa rodi chimapsa, china kukhala utsi wotchinjiriza chitsulo chosungunuka ku mpweya, china kuuma pamwamba ngati nkhoko za mumphika wa nsima, zimene mmisiri amagogoda ndi kanyundo msoko ukazizira. Nzeru yokutira marodi motere inachokera kwa Oscar Kjellberg wa ku Sweden cha m'ma 1907, ndipo ndi imene inachititsa kuti msoko wa magetsi ukhale wodalirika. Kuwonjezera apo pali tizitsulo tothetheka timene timamwazika pansi. Zonse pamodzi, pa paketi ya makilogalamu 5, chimene chimatsala pantchito ndi makilogalamu atatu kapena kuposa pang'ono. Mmisiri sanena kuti "60 peresenti", koma akamatchula nambala yake amakhala atachotsera kale zotayikazo.

Marodi ambiri amapulumuka moto usanayatsidwe n'komwe, pa nthawi yodula. Taonani mmisiri wabwino akudula engolo layini ya chimango cha ngolo. Amayeza kawiri ndi tepi, kulemba ndi choko chosongoledwa, kuika sikweya, kenako galayinda imatsata mzerewo osapatuka. Akagundanitsa zidutswa ziwirizo amawerama n'kusuzumira ngati kuwala kukudutsa pakati. Kampata kakakhalapo amabwerezanso kupala. Wongoyang'ana angaganize kuti akutaya nthawi, koma mpata umene wasiyidwa ndi kudula mokhota uyenera kudzazidwa ndi rodi, ndipo mfundo imene ikanadya theka la rodi imatha kumeza ziwiri. Ndimaona kuti luso lenileni la kuyerekeza lagona pamenepa. Munthu angathe kulonjeza nambala ya marodi pokhapokha ngati dzanja lake limadula mofanana tsiku lililonse.

Zina sizili m'manja mwake, komabe amaziwerengera. Magetsi akafooka, moto sugwira bwino, rodi imakakamira pachitsulo, ndipo poikoka chikutiro chimasweka kunsonga. Nyengo ya mvula marodi amakoka chinyezi, amathetheka kwambiri n'kusiya timabowo mumsoko, motero amisiri amawasunga pouma, okulungidwa bwino. Ntchito yokonza chakale ndiyo yovuta kuyerekeza kuposa zonse. Ngolo imene yathyoka mpini, kapena keriyala ya njinga ya kabaza imene yang'aluka, imabisa dzimbiri pansi pa penti, ndipo chitsulo chodyeka chimabooka moto ukangochikhudza. Apa mmisiri woona mtima amanena poyera: "Bambo, ndiyambe ndapala kaye, ndione mmene chadyekera. Nambala ndikuuzani pambuyo."

Pangolo yatsopano m'pamene kugawa kwake kumaoneka bwino. Marodi ofala m'mahadiweya ndi a E6013. Nambala 60 ikunena za mphamvu ya msoko, 1 akutanthauza kuti ungawotcherere chogona, choimirira kapena cham'mwamba, ndipo 3 akunena za mtundu wa chikutiro, chimene chimayaka mosavuta ngakhale pa makina ang'onoang'ono. Mmisiri amapatula milu iwiri. Mulu wa 2.5 ndi wa malata a m'mbali ndi chitseko cha kumbuyo, kumene amangodontheza timisoko tatifupi motalikirana kuti lata lisapindike. Mulu wa 3.2 ndi wa pamene ekiselo ikugwira chimango ndi pamene mpini wopita kugoli ukulumikizana ndi thupi la ngolo. Pamenepo saumira. Amapala m'mphepete mwa zitsulo kuti moto ulowe mkati, amayendetsa msoko woyamba, kugogoda, kupukuta ndi bulashi yawaya, n'kubwerezanso wina pamwamba. Akudziwa kuti ngoloyo idzasenza matumba a chimanga, njerwa ndi manyowa m'misewu yafumbi ya makwawa ndi zigwembe, ng'ombe zikukoka mogwedeza, ndipo mfundo ziwirizo zikalephera katundu ali pamwamba, pakhoza kuvulala munthu kapena chiweto.

Akamaliza kuwerenga zonsezi amawonjezera marodi angapo ogwirizira zitsulo zisanawotchereredwe kwathunthu, ngakhale kuti ntchito imeneyi nthawi zambiri amaigwira ndi tizidutswa totsala timene amasunga m'chitini pafupi ndi makina. Ndiyeno amatembenukira kwa mwini ngolo n'kumuuza kuti agule paketi imodzi ya 3.2 ndi marodi owerengeka a 2.5, ndipo otsala adzawatenga yekha tsiku lodzakoka ngolo yake.