Nthabwala pa Ziliza: Kuunika Mawu a Pamanda Atatu Akale a ku England

Chiyambi

Kwathu kuno ziliza zambiri zimangotchula dzina, tsiku lobadwa, tsiku lomwalira ndi pempho loti mzimu wa malemu uuse mumtendere. Koma m'manda ena akale a ku England muli ziliza zolembedwa mawu oseketsa. Kodi kuseka pamanda si chipongwe? M'mutu uno tiunika ziliza zitatu pofuna kuonetsa kuti nthabwala ya pachiliza imakoma ngati wolemba anaifuna ndiponso ngati ikuonetsa chikondi kwa malemu. Pa chiliza chilichonse tidzifunse mafunso atatu: woyankhula ndani, woyankhulidwa ndani, nanga chotiseketsa n'chiyani?

1. Chiliza cha Thomas Thetcher

Chilizachi chili pabwalo la tchalitchi chachikulu cha mumzinda wa Winchester. Thetcher anali msilikali ndipo anamwalira pa 12 Meyi 1764 ali ndi zaka 26. Mawu a pachilizachi amanena kuti anadwala malungo aakulu atamwa mowa wozizira wopanda ukali thupi lake lili chitenthere. Mwalawo anagula ndi asilikali anzake pokumbukira mtima wake wabwino.

Oyankhula ndi asilikali anzakewo ndipo oyankhulidwa ndi asilikali omwe adzadutse pamandapo. Nsinjiro yaikulu ya chiyankhulo pano ndi msemphano. Wowerenga amayembekezera kuti msilikali afera kunkhondo, koma uyu anafa ndi chakumwa. Amayembekezeranso kuti anzake alangiza anthu kuleka mowa, koma langizo lawo n'loti munthu akatenthedwa amwe mowa waukali, apo ayi asamwe konse. M'chaka cha 1781 akuluakulu a asilikali atakonzetsa mwalawo anawonjezera ganizo loti msilikali wokhulupirika sayiwalika, kaya yamupha ndi mfuti kaya ndi chikho.

Nthabwalayi sinyoza Thetcher. Ndi kayankhulidwe ka anthu omwe ankadya ndi kumwa naye. Umboni wa chikondicho ndi wakuti mwalawo unasinthidwanso mu 1802 ndi mu 1966. Mu 1918 msilikali wa ku America, Bill Wilson, anawerenga mawuwa ndipo sanawaiwale. Iye ndi mmodzi mwa anthu omwe anayambitsa bungwe lothandiza zidakwa la Alcoholics Anonymous mu 1935. Apa tikuona kuti mawu oseketsa amakhalitsa m'mutu kuposa ulaliki wautali.

2. Chiliza cha George Routleigh

Routleigh anali mmisiri wa mawotchi. Anamwalira mu 1802 ali ndi zaka 57 ndipo anaikidwa m'mudzi wa Lydford, m'chigawo cha Devon. Wolemba anagwiritsa ntchito fanizo limodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza: munthu ndi wotchi. Thupi logona m'mandamo likuyerekezedwa ndi chigoba cha wotchi. Kukhulupirika kwake ndiye sipuling'i yoyendetsa wotchiyo. Zolakwa zake zikukankhiridwa kwa anthu osadziwa kiyi wake. Pomaliza, Mulungu akuonetsedwa ngati mmisiri yemwe adzaitsuke, kuikonza ndi kuiyendetsanso wotchiyo m'dziko likudzalo.

Woyankhula pano ndi munthu wapadera yemwe akufotokozera aliyense wodutsa. Chotiseketsa ndi luso loona imfa ndi maso a mmisiri. Fanizoli lilinso ndi phunziro: wotchi yomwe yaima sitayidwa, imapita kwa mwini luso. Motero nthabwala yanyamula chiyembekezo cha kuuka kwa akufa popanda kulalikira.

Komabe chilizachi chili ndi chofooka. Tikamaliza kuwerenga timadziwa zambiri za mawotchi koma zochepa za Routleigh. Mawu omwewa angathe kuikidwa pamanda a mmisiri wa mawotchi wina aliyense. Luso la wolemba laphimba munthu yemwe amafuna kumukumbukira.

3. Chiliza cha Hannah Twynnoy

Mayiyu anamwalira pa 23 Okotobala 1703 ali ndi zaka 33 ndipo manda ake ali ku Malmesbury. Ndakatulo ya pachiliza chake imanena kuti anaphedwa ndi chilombo chotchedwa tiger, chomwe ndi chamtundu wa nyalugwe koma chachikulu ndi chamizeremizere. Chilombochi kwawo ndi ku Asia, choncho imfa yotere ku England inali yodabwitsa.

Alendo ambiri amamwetulira akawerenga ndakatuloyi, koma mulibe mawu osonyeza kuti mlakatuli amafuna kuseketsa. Iye akudandaula kuti mayiyo anafa akadali wanthete ndipo analibe mpata wodziteteza. Vuto lagona pa kalembedwe. Mizere yake ndi yaifupi ndipo imathera m'mawu omveka mofanana, moti imayenda mothamanga ngati nyimbo ya masewera a ana. Nkhani ndi yoopsa koma kamvekedwe ndi kopepuka. Msemphano wa pano ndi wangozi, ndipo wosekedwa ndi mlakatuli, osati imfa. Wolemba aliyense atolepo phunziro: kamvekedwe kagwirizane ndi nkhani.

Kufananiza

Mwa ziliza zitatuzi, cha Thetcher ndicho chopambana. Cha Routleigh chili ndi luso lambiri koma munthu wake saoneka bwino. Cha Twynnoy chili ndi chisoni chenicheni koma kalembedwe kachiwononga. Cha Thetcher chili ndi zonse: tikumuona munthuyo, tikumva mawu a anzake, ndipo tikuseka nawo limodzi.

Zoterezi si zachilendo kwa ife. Pamaliro a gogo wokalamba, zidzukulu nthawi zina zimatsanzira kayendedwe ndi kayankhulidwe ka malemu mpaka anamfedwa kumwetulira. Palibe amene amati n'chipongwe chifukwa oseketsawo ali ndi ufulu wotero mwa ubale wawo. Mlendo atachita zomwezo angathamangitsidwe. N'chimodzimodzi ndi ziliza: tisanaweruze nthabwala, tiyambe tadziwa yemwe akuinena ndi ubale wake ndi malemu.

Mafunso

1. Fotokozani misemphano iwiri yopezeka pachiliza cha Thomas Thetcher.
2. Tchulani zinthu zitatu zomwe zayerekezedwa ndi wotchi kapena ziwalo zake pachiliza cha George Routleigh.
3. N'chifukwa chiyani ndakatulo ya pachiliza cha Hannah Twynnoy imaseketsa pomwe nkhani yake ndi yachisoni?
4. Kodi mukugwirizana ndi ganizo loti chiliza cha Thetcher ndicho chopambana? Perekani zifukwa ziwiri.
5. Pekani mawu a pachiliza a mizere inayi a mlimi, msodzi kapena telala wongoganizira. Gwiritsani ntchito fanizo lochokera ku ntchito yake ndipo musamunyoze.