Mbewu Yabwino Idziwika ku Mtondo

Mwezi wa Okutobala ukamapita kumapeto, dzuwa litawawula minda ya ku Utale, ku Phalula ndi ku Ntaja, pa makonde a masitolo a pa Balaka ndi pa Liwonde pamadzaza timatumba ta mbewu ta utoto wowala. Pa kathumba kalikonse pali chithunzi cha chimanga chachikulu ngati mkono wa munthu, ndipo pa wailesi mawu ake ndi omwewo chaka ndi chaka: bzalani mbewu zamakono kuti mukolole zochuluka. Ife amene timakhala pakati pa alimi a maboma awiriwa, kudya nawo nsima dzinthu zikacha ndi kulira nawo maliro m'miyezi ya njala, tafuna kuti mawu amenewa tiwaike pa sikelo. Pakuti nkhaniyi tsopano yafika pena: dziko lathu lidalola kale thonje losinthidwa chibadwa, ndipo ku Bunda akatswiri adayamba kuyesa chimanga cha mtundu womwewo m'munda wotchingidwa. Tsiku likudza loti tidzafunsidwe ngati chimanga chotere chilowe m'minda mwathu, ndipo akulu adati safunsa anadya phula.

Tiyambe ndi kudzudzula mantha, chifukwa alipo ambiri pakati pathu. Kusankha mbewu si chinthu chachilendo. Agogo athu pokolola ankapatula chimanga cha maso odzaza bwino, nachipachika ku tsindwi kuti utsi uchiteteze kufikira mvula, ndipo potero ankasintha mbewu yawo pang'onopang'ono osadziwa. Amene adayamba kulongosola malamulo a chibadwa anali wansembe wa chipani cha Augustino Woyera, Gregor Mendel, amene adabzala nsawawa m'dimba la nyumba ya amonke ku Brno nafalitsa zimene adapeza m'chaka cha 1866. Malamulo akewo ndiwo amatifotokozera chimanga cha haibulidi. Akatswiri amabzala mitundu iwiri yosiyana m'mizere yoyandikana, nathyola ngayaye za mtundu umodzi kuti ulandire mungu wa unzake. Mwana wobadwa pamenepo amakhala wamphamvu kuposa makolo ake onse awiri, koma zidzukulu zimabalalika, china kutengera uku china uko. N'chifukwa chake haibulidi wobwereza kubzala sabereka monga poyamba. Si ufiti, ndipo si kuti wina adathiramo mankhwala.

Njira yatsopano imapitirira apo. M'nthaka muli kachilombo kosaoneka ndi maso kotchedwa Bacillus thuringiensis, kamene kamapanga chinthu chopha mbozi za mitundu ina. Akatswiri adatenga kachidutswa ka chibadwa cha kachilomboka nakaika mu thonje, kotero kuti mbozi ikadya thonjelo imafa. Ndilo thonje la Bt. Tsoka lake n'lakuti tizidutswa ta chibadwati ena amatitcha majini, mawu amene ku Nsanama kapena ku Ulongwe munthu akawamva amaganiza za mizimu yoipa. Tisalole kuti dzina litiweruzire mlandu. Koma tisalolenso kuti chithunzi cha pa kathumba chitiweruzire, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Mbiri ya chimanga m'dziko muno ili ndi phunziro limene olengeza mbewu amaliiwala. Kwa zaka zambiri alangizi adalimbikitsa alimi kuti alime haibulidi wa maso ofewa monga MH12, ndipo alimi ambiri ankalima wongogulitsa ku ADMARC, koma chakudya cha pakhomo adakakamirabe chamakolo. Ankanenedwa kuti ndi osamva ndi okonda zakale. Komatu amayi ankadziwa chimene ankachita. Chimanga chofewa pochikonola mu mtondo chimanyenyeka, mphale yambiri n'kupita ku madeya, ndipo m'nkhokwe anankafumbwe amachimaliza chisanafike Khirisimasi. Akatswiri ankayeza zokolola pa sikelo ya m'munda, pamene amayi ankayeza ufa woyera wolowa mu mphika. Zinthu zidasintha m'chaka cha 1990, pamene a ku Chitedze, mothandizana ndi bungwe la CIMMYT, adatulutsa MH17 ndi MH18, za maso olimbirapo zokonoleka bwino. Alimi omwe aja ankatchedwa osamva adazilandira. Chidasintha si mitu ya alimi ayi, koma makutu a akatswiri.

Kwathu kuno tili ndi umboni wina. M'chaka cha 2009 ku Balaka kudakhazikitsidwa mbewu ziwiri zopirira ku chilala, ZM 309 ndi ZM 523, zimene alimi adayamba aziyesa okha m'minda mwawo. ZM 309, yocha msanga, adaipatsa dzina loti Msungabanja. Mbewuzi si haibulidi, choncho mlimi akhoza kusungako mbewu nabzalanso kwa zaka zingapo. Chimodzimodzi mbatata yofiira m'kati, monga Zondeni, Kaphulira ndi Kadyaubwerere, imene ili ndi vitamini A woteteza maso a ana: mayi amapatsa mnzake cholowa popanda kulipira tambala. Zonsezi ndi ntchito ya sayansi, ndipo tiyenera kuiyamika. Tikuzitchula kuti tione kuti mawu oti "zamakono" amaphimba mbewu zosiyana kwambiri, zina zomasula mlimi ndi zina zomumangirira ku sitolo.

Tsono tibwere ku thonje, limene ndi ndalama ya mabanja ambiri a ku Balaka. Lamulo loyang'anira zamoyo zosinthidwa chibadwa lidakhazikitsidwa m'dziko muno m'chaka cha 2002, thonje la Bt lidayamba kuyesedwa ku Bunda mu 2013, ndipo pofika 2019 alimi adaloledwa kulima. Kunena zoona, phindu lake lilipo. Mbozi zoboola zipatso za thonje zimachepa, ndipo mlimi sapopera mankhwala kawirikawiri monga kale. Aliyense amene adaona mnyamata atasenza mpope kumsana, wopanda chotseka pakamwa, mankhwala akumutsikira m'malaya, sangachipeputse chimenechi. Koma pali zinthu zimene kathumba sikanena. Thonjeli silipha nsabwe ndi tizilombo tina toyamwa madzi a m'masamba, choncho kupopera sikutheratu. Mbewu yake ndi haibulidi yogula chaka ndi chaka pa mtengo wokwera kuposa mbewu zakale za ku Makoka, ndipo wogula pa ngongole, mvula ikadula, ngongoleyo sidula nayo. Ndiponso mbozi zimazolowera. Ku India, kumene thonje la Bt lidayamba mu 2002, mbozi yofiirira idayamba kulidya osafa pasanathe zaka khumi. Ku Burkina Faso adalisiya mu 2016 chifukwa ulusi wake udafupika ndipo mtengo wake udatsika pa msika wa kunja. Maiko amenewa adalawa ife tisanalawe, ndipo n'kupusa kugwa m'dzenje limene mnzako wagwamo iwe ukuona.

Cholakwa chachikulu cha ulaliki wa zokolola zochuluka n'chakuti umathera pa khomo la munda. Alimi a nandolo a ku Machinga ndi ku Balaka akudziwa. Adalandira mbewu zabwino monga Mwaiwathu Alimi, mitengo idakwera, minda idakula. Koma mu 2017 dziko la India, limene linkagula nandolo wathu wambiri, lidachepetsa wolowa kuchokera kunja, ndipo matumba adaunjikana m'nyumba, mavenda natchula mtengo umene afuna. Mbewu idachita mbali yake, mlimi adachita mbali yake, koma mwana adabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Kodi pamenepo tinganene kuti banjalo lidapindula chifukwa matumba adachuluka?

Ulalikiwu umaiwalanso nthaka ndi mvula. Chiyambire 2005 boma lakhala likuthira ndalama zambiri pa feteleza ndi mbewu zotsika mtengo, komabe mlimi wamba amakolola pafupifupi matani awiri okha pa hekitala, kutali ndi zimene mbewu zomwezo zimabereka m'minda ya kafukufuku. Munda wolimidwa chimanga chokhachokha zaka makumi atatu, wofiira ndi kaufiti, sungachire chifukwa cha kathumba katsopano. Ntchemberezandonda za mtundu watsopano zimene zidatipeza m'dzinja la 2016 ndi 2017 zikhoza kuchepa ndi chimanga cha Bt, zimenezo tivomere. Koma namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 adakokolola zamakono ndi zamakolo zomwe, ndipo pa ng'amba ya 2024, pamene maboma 23 mwa 28 adalengezedwa kuti ali pa ngozi, chimanga chidauma chisanamasule ngayaye. Mlimi wa m'mbali mwa Rivirivi amasowa manyowa, mitengo ya msangu, kasakaniza wa nandolo ndi khobwe, ndi madzi othirira, monga momwe amasowera mbewu.

Funso lotsiriza ndi lolemera koposa: kodi mbewu ndi ya yani? Kampani ya mbewu ya dziko lino, National Seed Company of Malawi, idapita m'manja mwa Cargill, kenaka Monsanto, ndipo Monsanto idagulidwa ndi Bayer ya ku Germany mu 2018. Sitikunena kuti malonda ndi tchimo. Tikunena kuti mtundu wa anthu umene mbewu ya nsima yake uyenera kugula chaka chilichonse kwa makampani owerengeka, nthawi zina ndi ndalama zakunja zimene ulibe, wapereka kiyi ya nkhokwe yake kwa mlendo. Pa njala ya 2002 Zambia idakana chimanga chosinthidwa chibadwa chochokera ku America, ndipo Ajezuiti a ku Lusaka ndi ku Kasisi anali m'gulu la ochenjeza, pamene Malawi idachilandira koma idati chiyambe chagayidwa kuti chisabzalidwe. Papa Fransisko m'kalata yake ya Laudato Si' ya 2015 sadaziletse mbewuzi, koma adachenjeza za alimi ang'onoang'ono otaya minda ndi ufulu wawo, napempha kuti nkhaniyi ikambidwe poyera, onse okhudzidwa ali pomwepo. Ndipo chimanga si thonje. Mungu wake umauluka ndi mphepo, pamene minda yathu ndi timagawo togundana malire. Mmodzi akabzala, anansi ake abzala nawo osafunsidwa.

Chigamulo chathu n'chotere, abale. Sayansi ya mbewu tiilandire ndi manja awiri, koma mawu oti mbewu yokha idzathetsa njala tiwakane, chifukwa ndi theka la choonadi. Chimanga chosinthidwa chibadwa chisanaloledwe, zotsatira za ku Bunda zilengezedwe m'Chichewa ndi m'Chiyao, pa mabwalo a mafumu, osati m'mahotela a ku Lilongwe okha. Alimi a thonje a ku Balaka afunsidwe kuti atalipira mbewu, mankhwala ndi aganyu adatsala ndi zingati, pakuti iwo ndiwo mboni zoona ndi maso. Boma lipatse Chitedze, Makoka ndi Bvumbwe ndalama zokwanira kuti mbewu zosungika zisasowe pa msika, ndipo pasakhale lamulo lomanga mayi wogawana mbewu yamakolo ndi mnzake.

Ifenso m'midzi mwathu ndi m'miphakati tili ndi gawo lathu. Mbewu yatsopano ikabwera, tiyiyese pa mizere yochepa pambali pa yakale, tilembe zimene talowetsa ndi zimene tatulutsa, tiyikonole, tiyisunge kufikira Febuluwale, tiyiphike. Amayi a pa mtondo aja adawaphunzitsa akatswiri kamodzi, ndipo mtondowo ukadalipo. Mvula yoyamba isanagwe chaka chino, tikhale pansi tifunsane: mbewu iyi idzatisiyira chiyani m'nkhokwe, ndipo chaka chamawa tidzaipeza kwa yani?