Padangotero wa M'buku Ali ndi Mwini Wake

Masewera a Dungeons & Dragons, amene Gary Gygax ndi Dave Arneson adatulutsa ku America m'chaka cha 1974, si achilendo kwenikweni kwa ife. Mmodzi amayamba nthano, anzake ozungulira tebulo amatenga mbali za anthu a m'nthanomo, kenaka amaponya madayisi kuti aone ngati chimene akufuna chitheke. Ndi "padangotero" yemwe uja, kungoti woyankha "tili tonse" naye ali ndi mphamvu yokhotetsa nkhani.

Kusiyana kwake n'kwakuti malamulo ali m'mabuku, ndipo mabukuwo ali ndi eni ake. Kampani ya TSR idagulidwa ndi Wizards of the Coast mu 1997, iyonso n'kugulidwa ndi Hasbro mu 1999. Malamulo akhala akulembedwanso: kachitatu mu 2000, kachinayi mu 2008, kachisanu mu 2014. Akangosintha, wosewera apisenso m'thumba.

Kwa ine, a 2008 ndiwo adaphonya. Adachulutsa za nkhondo, tizidole tikuyendetsedwa m'timabokosi ngati drafuti, nthano n'kutsalira m'mbuyo. Ambiri adathawira ku Pathfinder, imene kampani ya Paizo idatulutsa mu 2009 potsata malamulo akale aja. Komatu Pathfinder nayo njolemera. Mwana wasukulu angatope ndi masamu asanakumane ndi chilombo choyamba. A 2014 ndi abwinoko chifukwa ndi opepuka, amasiyira wofotokoza nthano mpata wopumira.

Paizo idatha kutero chifukwa mu 2000 Wizards idapereka chilolezo choti ena azigwiritsa ntchito malamulo ake. Mu Januwale 2023 zidamveka kuti ikufuna kuchotsa chilolezocho. Osewera adakwiya zedi mpaka kampaniyo idabwerera m'mbuyo, n'kuika phata la malamulo a 2014 pansi pa Creative Commons.

Tsono taonani bawo pamsika wa Nkando. Anthu amakangana ndithu za kutakata ndi za nyumba, koma mkangano umathera pomwepo, pakati pa osewera. Palibe amene angabwere ndi kalata yoti bawo la chaka chatha latha ntchito.

Alembi anzanga amene mukutolera nthano za agogo n'kuziika m'mabuku, ntchitoyo njabwino. Koma musanasaine pangano ndi wosindikiza, funsani ngati mphunzitsi wa ku Mulanje adzaloledwa kusandutsa nthanoyo sewero popanda kupempha kwa munthu. Agogowo adatipatsa ulere.