Mkwatibwi Wosayankhula mu Ndakatulo ya Thrymskvida

Anthu akale a ku Scandinavia ankamudziwa Thor ngati mulungu wa mabingu, wamphamvu komanso wamtima wapachala. Komabe ndakatulo yomuonetsa bwino kuposa zonse, m'kuona kwanga, ndi imene inamuveka zovala za mkwatibwi. Dzina lake ndi Thrymskvida, ndipo imapezeka m'buku lachikopa la Codex Regius, lolembedwa pamanja ku Iceland cha m'ma 1270.

Nkhaniyo ndi yaifupi, ndime 32 zokha. Thor akudzuka n'kupeza nyundo yake, Mjölnir, palibe. Waiba ndi Thrym, mfumu ya zimphona, ndipo wanenetsa kuti sabweza pokhapokha amupatse mulungu wamkazi Freyja kuti akhale mkazi wake. Freyja akukana ndi ukali mpaka mkanda wake kuthothoka m'khosi. Apa m'pamene mulungu wina, Heimdall, akupereka nzeru yoti Thor yemweyo avale ngati Freyja, makiyi akulendewera m'chiuno, nkhope itaphimbidwa.

Luso la mlakatuliyu lagona pa kum'tseka pakamwa Thor. Atangodandaula kuti milungu inzake idzamunyoza kuti wasanduka mkazi, sakutulutsanso liwu mpaka ndakatulo kutha. Angayankhulenso bwanji, popanda liwu lakelo kumuulula? Ndiye chimene chikuyankhula ndi thupi. Paphwando laukwati mkwatibwi akumaliza yekha ng'ombe yathunthu, nsomba 8 za salmon ndi zankhuli zonse zimene anakonzera akazi, n'kutsitsira migolo itatu ya mowa wa uchi. Thrym kukamwa yasa. Loki, mnzake wa Thor amene wadzisandutsa mdzakazi woperekeza, akufulumira kuyankha kuti mkwatibwi watha masiku 8 osalawa kanthu chifukwa chofunitsitsa kufika kwa mwamuna wake. Mkwati akukhutira. Kenako akuvundukula nsalu kuti apsompsone, koma akulumphira kutali ataona maso akuyaka ngati moto. Loki akuti n'chifukwa cha masiku 8 osaona tulo.

Mafunso awiriwa ndi mayankho ake aumbidwa ndi mawu pafupifupi omwewo, mwadala. Womvera akangomva bodza loyamba amakhala akudikira lachiwiri, monga ana amadikirira kuti kalulu apusitsenso fisi m'nthano. Chimene ndimasirira n'chakuti mlakatuli sanatengeke n'kuwonjezera lachitatu, ngakhale omvera akanasekabe. Pamalo pake akulowetsa nyundo. Thrym mwini wake akulamula kuti aibweretse, aiike pamiyendo pa mkwatibwi podalitsa ukwati. Mwambo womwewo umene chimphonacho chinkaulakalaka ndi umene ukubwezera chida m'manja mwa mwini wake, popanda Thor kuchipempha kapena kuchilanda. Apa m'pamene ndakatulo ikutilowetsa mkati mwa Thor, kutiuza kuti mtima wake unaseka ataizindikira nyundoyo.

Ena amati ndakatuloyi ikum'chotsa ulemu Thor. Ine sindikuona choncho. Ukali wake wasungidwa pansi pa nsalu nthawi yonseyi, ukungotulukira m'maso ndi m'kadyedwe, ndipo ukaphulika palibenso chosekera. Ndime ziwiri zomaliza n'zokwanira kupha Thrym ndi abale ake onse. Ngakhale mlongo wake wokalamba, amene anangobwera kudzapempha mphete zagolide kwa mlamu wake watsopano, akulandira nyundo. Imfa ya gogoyu imandiwawa nthawi zonse ndikaiwerenga, ndipo mlakatuli sakuifewetsa ndi liwu limodzi lomwe.