Tsamba Lomaliza la Things Fall Apart

Buku la Chinua Achebe la mu 1958 limatikhazika nthawi yaitali pakati pa anthu a ku Umuofia. Timalima zilazi ndi Okonkwo. Timamuona akupha Ikemefuna, mnyamata amene ankamutchula kuti atate, poopa kuti anzake angamuyese wamantha. Kumukonda n'kovuta, koma timamudziwa.

Ndiyeno pamapeto Achebe amatibwereka maso a bwana DC. Okonkwo wadzimangirira pamtengo. Obierika akupempha alendo kuti atsitse mtembo, popeza mwambo sulola anthu a fuko lake kukhudza munthu wodzipha. DC sakuona chisoni cha Obierika. Akuona nkhani yokometsera buku limene akulemba. Poyamba akuganiza zoipatsa mutu wathunthu, kenako akuona kuti ndime imodzi ikwana.

Chimene chimandiopsa ine n'chakuti mzunguyu sakukalipa. Ndi wodekha, ndipo sakayika kuti anthu akuda amawadziwa. Anabwera atagamula kale, choncho chilichonse chimene waona chimangomuvomereza. Achebe samutsutsa. Amangotisiya ife, amene tayenda ndi Okonkwo m'machaputala 24, kuti tiganizire zimene zingakwane m'ndime imodziyo.